Njinga yamoto ya m'tchire: malo ololedwa ku Salima ndi ku Nkhotakota ali kuti?

Funso: Ndimagwira ntchito pa boma la Salima. Mwezi watha ndinagula njinga yamoto ya m'tchire, Honda ya 250cc, kwa mnzanga amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ilibe nambala, ilibe nyali. Ndikufuna ndiziphunzira kuyenda nayo m'tinjira ta m'tchire Loweruka ndi Lamlungu, koma sindikufuna kukangana ndi apolisi kapena eni malo. Anzanga akuti ndizingopita pamchenga ku Senga Bay, kapena ndizilowa ku Thuma poti kulibe anthu. Kodi malo ololedwa ali kuti kuno ku Salima kapena ku Nkhotakota?

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kufunsa injini isanalire. Safunsa anadya phula, ndipo phula la njinga yamoto limawawa: njinga kulandidwa, munthu kugona m'chitokosi, kapena kutandala pansi pa mtengo kwa amfumu mukuwerengerana mitengo ya chinangwa imene mwathyola. Malo awiri amene anzanu akutchulirani aja ndiwo oyamba kuwachotsa m'mutu, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ine njinga ndinaidziwira kuntchito. Ndayenda zaka zambiri m'midzi ya maboma awiriwa pa Yamaha AG 200, ija ya alangizi yokhala ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ya masewera ndinadzaikwera ndevu zitamera kale. Chimene ndinatolapo m'zaka zimenezo n'chakuti kuno kwathu tchire lopanda mwini kulibe. Mukamatsetsereka pa M14 kuchokera ku Lilongwe, mutadutsa pa Chezi ndi pa Mvera, maso amaona mapiri ndi zigwa zooneka ngati palibe anapondapo. Tsikani mufunse mwana amene akuweta mbuzi. Akuuzani kuti apa ndi tsala la agogo ake, apo ndi nkhalango ya mudzi, mitengo yowirira iyo ndi manda, kutsidya kwa mtsinje ndi kwa a Forestry. Ndiye chikwangwani cholembedwa kuti anjinga thamangani pano musachiyembekezere. Malo ololedwa amapezeka popempha kwa mwini wake, ndipo ntchito yaikulu ndi kudziwa kuti mwini wa pamene mukufunapo ndani.

Tisanafike kwa eni nthaka tiyambe ndi njinga yanuyo, poti mwati ilibe nambala. Anthu ambiri amayesa kuti malamulo a pamsewu amathera pamene pathera tala. Ayi ndithu. Lamulo la Road Traffic la 1997 likamanena za msewu wa anthu onse limawerengera njira iliyonse imene anthu amayendamo mwachizolowezi, kaya ndi ya tala, ya fumbi, kapena kanjira kopita kuchigayo. Njinga yopanda nambala ndi inshuwalansi, yoyendetsedwa ndi munthu wopanda laisensi, ndi yolakwa pa Kamuzu Road ndipo ndi yolakwabe pa msewu wafumbi wa ku Lifuwu. Kungoti ku Lifuwu wapolisi simukumana naye tsiku lililonse. Koma tsiku limene mudzagunde mwana kapena ngolo, funso loyamba lidzakhala la mapepala, ndipo popanda inshuwalansi chilichonse chidzatuluka m'thumba mwanu.

Laisensi ya galimoto, ija ya B, siikuyenderani pa njinga. Ya njinga ndi A1 ngati injini siipitirira 125cc, ndipo ikapitirira pamenepo ndi A. Yanuyo ikufuna A. Njinga iyenera kulembetsedwa ku Road Traffic, ndipo kumeneko adzafuna kuona kuti inalowa bwanji m'dziko muno. Apa m'pamene njinga zambiri za ku Joni zimakanirira. Muuzeni mnzanuyo akupatseni pepala la MRA losonyeza kuti msonkho unalipiridwa, kenako muyerekeze nambala ya injini ndi ya chesisi zimene zili papepalapo ndi zimene zinadindidwa pa chitsulo. Akayamba zoti pepala lili kwa achimwene ake ku Johannesburg, musaikenso ndalama ina pa njingayo musanapite ku MRA ndi kupolisi kukafotokoza, chifukwa njinga zina zimadzapezeka kuti zinabedwa kutsidyako. Zikayenda bwino, pamatsala nyali, ma indiketa, hutala ndi magalasi. Njinga zenizeni za mpikisano, monga Yamaha YZ kapena Honda CRF250R, zinapangidwa zopanda zonsezi, ndipo kuziika ndi chintchito. Zoterozo zimayenda pamalo a munthu pokha, ndipo popita kumeneko zimakwera pikapu.

Ndikanakhala inu, mapepala akavuta ndikanaigulitsa n'kugula Yamaha DT 125 kapena Honda XL 125 yokhala ndi nambala kale. Musazinyoze poti ndi za alangizi ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Zimenezi ndi zimene zakhala zikufika m'midzi imene galimoto sifika, amakaniko a pa Khombedza kapena pa Benga amazidziwa, ndipo munthu wophunzira amagwa kangapo patsiku, choncho amafuna njinga yoti aidzutse yekha.

Mapepala akakhala m'thumba, helimeti pamutu, mwatsegula malo aakulu kuposa bwalo lililonse: misewu yafumbi ya maboma awiriwa. Imeneyi simupempha kwa munthu. Msewu wopatuka kulowera ku sikimu ya mpunga ya Lifuwu ukuphunzitsani mchenga. Mukatenga M5 pa Kaphatenga kulowera kumpoto, pa Khombedza ndi pa Thavite pali misewu yotsikira kunyanja, monga wa ku Chikombe, ndi ina yokwera kumapiri. Ku Nkhotakota, misewu ya kwa Mwansambo imene imakwera cha ku Ntchisi ili ndi miyala, zitunda ndi timitsinje, ndipo mbali ya ku Chia ndi mchenga wodutsa pakati pa minda ya chinangwa. Munthu woyamba kumene atha chaka chathunthu m'misewu imeneyi osaitopa, ndipo akamadzaimaliza amakhala atadziwa kale zimene ena amakafuna m'nkhalango.

Koma kumbukirani kuti mumsewu muli eni ake. Muli akabaza, ngolo za ng'ombe, amayi osenza nkhuni amene sangatembenuke msanga, ana a sukulu. Mbuzi imaima phee m'mbali mwa msewu kudikira kuti mufike, ndiyeno n'kudumphira kutsidya kumene kuli mayi wake. Lamulo langa ndi lakale: ndikaona denga loyamba la mudzi ndimatsika giya, ndikadutsa denga lomaliza ndimakwezanso. Pakhomo pamene ayanika ufa kapena mphale pa mkeka, fumbi lanu ndi limene banja lidye madzulo. Mukaona masamba aikidwa pamsewu, pali maliro. Wa njinga yakapalasa amatsika n'kumakankha. Inu chepetsani moto mpaka injini izingonong'ona, ndipo ngati anthu ali pamsewu penipeni, zimitsani mukankhe. Palibe wapolisi adzakuuzeni zimenezi, koma mudzi umene mwaudutsa mwaulemu pa maliro ndi umene udzakuthandizeni tsiku limene tcheni chidzaduke.

Msewu ndi woyendamo. Pophunzira kutembenuka, kugwira mabuleki mwadzidzidzi ndi kukwera chitunda mobwerezabwereza pamafunika malo amene simudutsa anthu. Osavuta kwenikweni ndi a munthu amene ali ndi lizi. M'maboma awiriwa muli maesiteti amene kale ankalima fodya kapena thonje, ndipo ena mbali yaikulu inangogonera. Kaonaneni ndi mwini wake kapena manijala, osati mlonda wa pageti, chifukwa mlonda akulolani lero n'kukukanani mawa bwana akabwera. Pemphani kalata yaifupi yonena dzina lanu, mbali ya esiteti imene mwaloledwa, ndi masiku ake. Ena adzafuna kangachepe, ena adzangofuna kuti muzitseka geti ng'ombe zisatuluke. Pamalo oterewa m'pamene njinga yopanda nambala ingayende popanda mlandu wa pamsewu, malinga ngati si njira imene anthu a m'midzi yozungulira amadutsamo. Ndipo amene ali ndi inshuwalansi awerenge bwino pepala lake, poti makampani ambiri salipira ngozi ya pa mpikisano.

Malo ena amene amathandiza ndi maenje akale amene okonza misewu ankakumbamo dothi. Amakhala ndi zitunda zabwino ndipo palibe amalimapo. Nawonso ali ndi mwini, nthawi zambiri mudzi, ndipo mvula ikagwa amasanduka maiwe akuya osaoneka pansi. Bwalo la mpira la pasukulu lisiyeni, ngakhale aphunzitsi aakulu atakulolani. Matayala a mano aja amalima, ndipo ana adzasewera m'makwawa anu chaka chonse.

Tsopano nthaka ya mafumu, imene ndiyo yochuluka. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo amene wapampando wake ndi gulupu, koma kwa inu khomo lolowera ndi nyakwawa ya mudzi umene mukufunawo. Kuno mawu a mfumu si nthabwala. Taonani chilumba cha Mbenje: a Makanjira amatseka usodzi mu Disembala n'kudzatsegula mu Epulo, mwambo umene wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi ochokera kutali amamvera. Ngati mfumu imatha kutseka nyanja, kanjira ka m'phiri n'kachiyani?

Kapitidwe kake n'kofunika kuposa zimene mukanene. Musafike pakhomo pa amfumu injini ikubangula, nkhope ili m'helimeti. Pezani munthu wodziwika m'mudzimo, kaya mphunzitsi, kaya wazaumoyo, kaya wakabaza, akuperekezeni kwa nduna, nduna ndiyo ikufikitseni. Njinga isiyeni patali, vulani chipewa, khalani pamene akuonetsani, dikirani malonje athe. Kunyamula paketi ya shuga kapena ya sopo si chiphuphu, ndi ulemu wa mlendo. Ndiyeno fotokozani momveka kuti ndinu yani, mumagwira kuti, muzibwera angati, masiku ati, nthawi yanji. Anthu amadabwa kumva kuti munthu akufuna kuotcha petulo popanda kumene akupita, ndipo ena adzaganiza kuti mukufuna kugula malo kapena mukusaka miyala ya mtengo wapatali. Musakwiye, fotokozaninso. Mukaloledwa, pemphani kuti mnyamata mmodzi ayende nanu wapansi akuonetseni malire, ndipo mufunse mwachindunji kuti manda ali kuti, nkhalango ya mudzi ikuyambira pati, ndi kuti kumene mlendo safika. Amfumu ambiri ali ndi chidindo. Kakalata ka mizere itatu kodindidwa kadzakuombolani tsiku limene mudzakumane ndi achinyamata amene sanamve za inu.

Chimodzi musaiwale: chilolezo cha amfumu sichikulowetsani m'munda wa munthu. Munda uli ndi banja lake, ndipo mwini munda akadandaula, amfumu omwewo ndi amene adzakulipitseni. Musanyengedwe poona kuti chimanga anakolola. Ena anasiya mapesi dala kuti aphimbire nthaka, ena muli nandolo, ndipo ku Nkhotakota chinangwa chimakhala m'munda chaka chonse, poti kondowole ndiye nsima ya kumeneko. Mizere imene tayala lanu limagumula pa mphindi imodzi, munthu anaiunda ndi khasu masiku angapo.

Funso la kumene mlendo safika lija ndinaliphunzira movutikira. Chaka china mu Ogasiti, m'mudzi wina wa kumtunda kwa Salima, ndinkafuna kudula njira kuti ndikafike msanga pa msewu waukulu. Ndinaona kanjira kopondeka bwino kolowera m'mitengo yowirira, ndipo kansanza kofiira kamene kanali pa kamtengo ndinakayesa ka ana. Sindinayende mamita makumi asanu. Anatuluka anyamata anayi, wina anagwira chiwongolero, wina anazula kiyi osalankhula. Kanali kanjira ka kudambwe. Ndinakankha njinga mpaka kwa amfumu dzuwa lili pamutu, anthu akutuluka m'nyumba kudzaona. Chinandipulumutsa n'chakuti ndinaima ndisanafike, ndiponso amfumu ankandidziwa chifukwa cha ntchito. Ndinapepesa, ndinalipa nkhuku ziwiri ndi kandalama, ndinabwerera njira yaitali yomwe ndinkaithawa ija. Olakwa ndinali ine. Gule Wamkulu ndi mwambo umene ngakhale a UNESCO anauzindikira mu 2005, ndipo malo ake eni ake amawateteza. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kumene kuli Ayao ndi Asilamu ambiri, nthawi ya tchuthi chachikulu cha sukulu kumakhala zinamwali, ndipo kumene kuli anyamata a jando mlendo safikako. Kanjira kosalala kolowera m'mitengo yowirira pafupi ndi mudzi, ngati simukukadziwa, imani mufunse.

Tibwere ku Thuma kwa anzanu kuja. Zoti kulibe anthu ndi zoona pang'ono, koma kuli njovu, kuli njati, kuli alonda oyendera nkhalango. Thuma ndi nkhalango yotetezedwa ya boma, chimodzimodzi inzake ya Dedza-Salima, ndipo zonse ziwiri akuziyang'anira a Wildlife Action Group mogwirizana ndi nthambi ya za nkhalango. Lamulo la nkhalango la 1997, limene analikhwimitsa mu 2020, limaletsa kuswa njira, kuononga mitengo ndi kuyatsa moto m'malo oterewa. Taganizani mmene mlonda akuonereni: munthu wosadziwika, njinga yopanda nambala, chikwama kumsana, pakati pa nkhalango imene akulimbana ndi otcha makala ndi otchera misampha. Mudzalongosola muli kale m'manja. Wofuna kukaona Thuma amapangana ndi oyang'anira, n'kukayenda wapansi ndi mlonda.

Ku Nkhotakota nkhani ndi yokulirapo. Malo osungira nyama a kumeneko ndi aakulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo kuyambira 2015 akuyendetsedwa ndi African Parks pamodzi ndi nthambi ya boma ya za nyama zakutchire. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo anamanga mpanda wamagetsi. Kulowa popanda chilolezo ndi mlandu pa lamulo la nyama zakutchire, limene zilango zake zinakwezedwa mu 2017. Msewu wa M18 wopita ku Kasungu umadutsa m'katimo, ndipo ndi msewu wa anthu onse, koma mukangopatuka n'kulowa m'kanjira ka m'mbali mwalowa kwa eni. Mverani zimene akuuzani pageti. Njovu ikaima pamsewu, imani patali mudikire, musaiimbire hutala kapena kuyesa kuizemba. Njinga ilibe chitseko. Kumeneko kulinso kashembe, ntchentche imene imafalitsa kaodzera. Imatsatira chinthu choyenda ndipo imakonda zovala zakuda ndi zabuluu, ndiye wanjinga wovala jekete lakuda ali ngati nyambo. Mukalumidwa cha kumeneko n'kuyamba kutentha thupi patapita masiku, kuchipatala mukanene kumene munali, asangoyeza malungo okha.

Ku malo osungira nyama a Kuti, pafupi ndi Salima boma, alendo amayenda wapansi ndi pa njinga zakapalasa pakati pa mbidzi ndi nyama zina zofatsa. Ameneyo ndi malo opitako ndi banja. Kulipira pageti sikukupatsani ufulu wothamangitsa nyama ndi injini.

Nanga mchenga wa ku Senga Bay? Pachithunzi umaoneka bwino, koma tapitani m'mawa mukaone mmene gombe limakhalira. Makoka ayalidwa pamchenga akusokedwa. Zingwe za mabwato zamangidwa kuchokera m'madzi kufika pa zikhomo kumtunda, zina zitakwiririka pang'ono, zina zili m'mwamba pofika pakhosi pa munthu wokhala pa njinga. Usipa uli pa matandala, amayi akutsuka mbale, ana akutuluka m'madzi chothamanga osayang'ana kumbali. Gombe ndi malo a ntchito, lili ndi komiti yake ya asodzi, ndipo mbali zina ndi za mahotela ndi malo ogona alendo amene amagulitsa bata. Ukonde umodzi mukaung'amba, mtengo wake mudzaumva. Komanso mchenga wofewa ndi mphunzitsi wankhanza kwa woyamba: tayala lakutsogolo limakana kumvera, injini imatentha, ndipo mchenga umadya tcheni ndi sipuloketi ngati chigayo.

Cha komweko kuli asilikali a Parachute Battalion, ndipo pafupi ndi boma kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO. Tchire lozungulira malo a asilikali ndi lophunziriramo, nthawi zina ndi zipolopolo zenizeni. Mukaona chikwangwani chawo bwererani, osakambirana. M'mbali mwa njanji yopita ku Chipoka namonso ndi mwa eni njanji. Misewu ya m'minda ya nzimbe ku Dwangwa ndi ku fakitale ya shuga ya ku Salima imakopa poti ndi yoongoka, koma ndi ya makampani, ndipo nyengo yodula mumayenda mathirakitala ndi malole olemera amene dalaivala wake sakuyembekezera njinga potulukira pa ngodya ya nzimbe zazitali.

Ena amakonda kutsata mtsinje wouma m'chilimwe. Ndi kokoma, sindikana, koma yendanimo wapansi kaye. Anthu amakumba zitsime mumchengamo, okumba mchenga amasiya maenje, ndipo m'mbali mwake ndi madimba a tomato ndi mpiru. Powoloka mtsinje wa madzi funsani pamene ngolo zimawolokera. Ku Bua ndi ku Linthipe kuli ng'ona, ndipo munthu amene akulimbana ndi njinga yozima pakati pa madzi amakhala atataya maso.

Nyengo yabwino yoyambira ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Nthaka yauma koma sinafumbutuke kwambiri, mwera ukuwomba, anthu akolola. Okutobala ndi Novembala kunyanja kuno dzuwa limaswa mtengo, ndipo munthu wovala zodzitetezera amauma kukhosi asanazindikire. Nyamukani kukungocha, pofika 10 koloko mukhale mutabwerera, madzi malita awiri kapena atatu kumsana. Miyezi imeneyi udzu ndi wouma, ndiye ekizozi yotentha ikagona pa udzu njinga itagwa, moto umabuka. Idzutseni msanga muyang'ane pansi. Musachotse sailensa pofuna kuti izilira ngati ya pa kanema. Phokoso ndi limene limatsekera anjinga malo: amfumu amene anakulolani amasintha maganizo agogo atatu akadandaula kuti ng'ombe zikubalalika. Ndipo podziwa kuti kuno kuli matchalitchi ndi mizikiti yambiri, Lamlungu m'mawa ndi Lachisanu masana dutsani patali kapena mwakachetechete.

Dzinja lisiyeni chaka choyambachi. Makande a m'madambo a ku Salima amamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo mudzathera tsiku mukukokota ndi kamtengo. Mitsinje monga Lifidzi, Lingadzi ndi Kaombe imadzaza ndi mvula imene yagwa kumapiri inu musanaione. Palinso ichi: msewu wa m'mudzi anthu amaukonza ndi makasu pa chitukuko, ndipo njinga yamphamvu ikapalasa pamatope imasiya ngalande imene madzi amaikulitsa. Ambulansi ikadzakanika kudutsa pamenepo, adzakumbukira amene anayamba.

Pa bwalo lanu lopemphalo, yambani ndi zonyozeka. Imikani mabotolo awiri a madzi motalikirana mapazi khumi ndi asanu, muzizungulira ngati mukulemba 8, pa giya yoyamba, mpaka mutasiya kuponda pansi. Phunzirani kuimirira pa zopondera mawondo atapinda pang'ono, chifukwa m'tchire miyendo ndiyo masipuling'i. Maso aziona kumene mukufuna kupita. Mukayang'anitsitsa chitsa, mukachigunda. Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga, koma pafumbi imafuna kufinya pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, osati kutsamwitsa. Pamchenga bwererani kumbuyo kwa mpando, musatseke mafuta mwadzidzidzi, chiwongolero chisiyeni chizigwedezeka pang'ono. Mpweya wa m'matayala muuchepetse kusiyana ndi wa pa tala, koma osaphwetsa kwambiri, poti pamiyala ya kwa Mwansambo chubu chimatsinidwa ndi limu. Nsapato zikhale zophimba akakolo, magolovesi, ndi zoteteza mawondo. Zambiri mwa izi zimapezeka pa kaunjika mukaleza mtima, kupatula helimeti, imene ndi bwino kugula yatsopano poti yakale simudziwa kuti inagwapo kangati. M'chikwama muzikhala pampu, zigamba, zitsulo zochotsera tayala, pulagi ndi kachingwe. Minga ya m'tchire la kunyanja siseka ndi chubu, ndipo chitedze chikakukhudzani pakhosi mudzavula jekete pakati pa njira.

Musamapite nokha kumapiri. Netiweki imasowa m'zigwa, ndipo munthu wothyoka mwendo kuseri kwa Mwansambo amayamba wakwera ngolo asanaone galimoto yopita kuchipatala cha boma. Muuzeni wina kunyumba njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera.

Loweruka likubwerali njinga isiyeni m'nyumba. Pitani pa siteji ya kabaza pa Kaphatenga kapena pa Thavite, musankhe wachikulire pang'ono amene ali ndi helimeti ndi nambala, mugwirizane za tsiku lonse, petulo wanu. Muuzeni akuyendetseni misewu yafumbi ya dera lake, akuonetseni milatho yothyoka, pamene pamakhala mchenga wakuya, esiteti imene inagonera ndi khomo la nduna ya amfumu. Anyamata amenewa amadziwa kanjira kalikonse ndi mwini wake, amadziwa kumene kwagwa maliro sabata ino ndi kumene gule atuluke. Tengani kabuku muzilemba mayina a midzi motsatana, chifukwa mapu a pafoni tinjira tambiri satidziwa, ndipo tina timene amationetsa tinalimidwa kalekale. Lolemba lake m'mawa mukayambe za pepala la MRA lija.